Kumvetsera Andrea Bocelli: Kuyerekeza Njira Zisanu Musanatulutse Ndalama

Andrea Bocelli ndi mmodzi mwa oimba omwe munthu amayamba kudziwa mawu awo asanadziwe dzina. Ena anamumva koyamba pa ukwati, ena pa wailesi ya kanema pomwe ankaimba potsegulira mpikisano wa mpira wa Euro 2020 ku Rome mu June 2021, ndipo enanso anamuona pa Pasaka wa 2020 ataima m'tchalitchi chachikulu cha ku Milan, momwe munalibe anthu chifukwa cha mliri wa Covid-19. Amene wakopeka ndi mawuwo n'kufuna kuwadziwa bwino ali ndi njira zingapo, ndipo njirazi sizisiyana pa mtengo pokha, chifukwa iliyonse imaonetsa mbali ina ya woimbayu n'kubisa ina.

Bocelli anabadwa pa 22 September 1958 m'dera la Lajatico, m'chigawo cha Tuscany ku Italy. Anabadwa ndi matenda a maso a glaucoma, ndipo anasiyiratu kuona ali ndi zaka 12 atavulala posewera mpira. Anaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya Pisa, usiku n'kumaimba piyano ndi nyimbo zotchuka m'malo achisangalalo, kenako anakaphunzira kaimbidwe kwa Franco Corelli, mmodzi mwa matena (oimba aamuna a mawu okwera) amphamvu kwambiri a opera, sewero lomwe mawu ake amaimbidwa, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Kuyambira pachiyambi, ntchito yake inali pawiri. Mu 1994 anapambana gawo la oimba atsopano pa mpikisano wa nyimbo wa Sanremo ku Italy, mu 1996 anaimba ndi Sarah Brightman nyimbo ya Time to Say Goodbye yomwe inamutchukitsa kunja kwa Italy, ndipo chimbale chake cha Romanza cha mu 1997 chinagulidwa makope oposa 20 miliyoni. M'zaka zomwezo ankakweranso nsanja za opera: anasewera ngati Rodolfo mu opera ya La bohème ku Cagliari mu 1998, ndipo mu 1999 anasewera ngati Werther mu opera ya dzina lomwelo ku Detroit.

Maluso awiriwa si amodzi. Woimba opera amaimba popanda maikolofoni. Nyumba ya Metropolitan Opera ku New York ili ndi mipando pafupifupi 3,800, ndipo tena amayenera kumveka mpaka pa mpando womaliza uku okestra yathunthu ikulira patsogolo pake. Amatha kutero chifukwa anaphunzitsa pakhosi ndi m'kamwa kutulutsa kulira kwina kowala, kwa pafupifupi 3,000 Hz, komwe zida za okestra zilibe mphamvu zambiri. Woimba pop amaimbira maikolofoni yomwe ili pafupi ndi milomo yake, motero akhoza kutsitsa mawu mpaka kunong'ona, womvera n'kumamva ngakhale mpweya wake. Kusiyanaku kuli ngati kwa mlaliki wolalikira pabwalo popanda chimkuzamawu ndi muulutsi wolankhula pa wailesi: onse amafunika luso, koma luso la uyu silitsimikiza kuti ali ndi la uyo. Pamene Bocelli anasewera Werther, Anthony Tommasini wa nyuzipepala ya The New York Times analemba kuti mawu ake ndi ofunda ndi okoma, koma alibe luso lokwanira lowachirikiza ndi kuwafikitsa patali. Otsatira Bocelli sakondwa ndi ndemanga zotere, koma ine ndikuona kuti zili ndi choonadi, ndipo sizichotsa chilichonse pa zomwe iye amachita bwino kuposa matena ambiri a opera, zomwe ndi kuimbira maikolofoni mofatsa, momveka liwu ndi liwu, ngati akuimbira munthu mmodzi.

Zoyenera kuyang'ana posankha

Funso loyamba ndi lakuti mukufuna kumva Bocelli uti, wa nyimbo zachikondi ndi zauzimu zojambulidwa mu situdiyo, kapena tena woti muyese mawu ake pa muyeso wa opera. Mukayankha limenelo, njira iliyonse iyesedwe pa zinthu zinayi. Mtengo uwerengedwe wonse, kuphatikizapo deta, zida ndi maulendo, osati ndalama yolembedwa pa chinthucho yokha. Kupezeka kwake kuonedwe molingana ndi komwe mukukhala, chifukwa zomwe zili pafupi kwa munthu wa ku London zili kutali kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata. Kusamalira ndi ntchito ndi ndalama zomwe njirayo imafunabe mutailipira kale. Zoopsa ndi zomwe zingakutayitseni ndalama, nthawi, thanzi, kapena kukupatsani chithunzi cholakwika cha woimbayo.

Njira yoyamba: mapulogalamu omvetserera nyimbo pa intaneti

Mtengo: Pano pali zolipira ziwiri, ndipo chachiwiri ndicho chimaiwalika. Choyamba ndi ndalama ya pamwezi, yomwe imasiyana dziko ndi dziko. Spotify ili ndi gawo laulere lomwe limadukizidwa ndi zotsatsa malonda, pomwe Apple Music imafuna kulipira mwezi ndi mwezi. Chachiwiri ndi deta. Pa Spotify mumasankha mulingo wa kamvekedwe, ndipo mulingo wa 96 kbps umadya pafupifupi 43 MB pa ola, wa 160 kbps umadya 72 MB, ndipo wa 320 kbps umadya 144 MB. Nyimbo imodzi ya mphindi zinayi si kanthu, koma La bohème yonse, yomwe imatenga pafupifupi ola ndi mphindi 50, imadya pafupifupi 260 MB pa mulingo wa 320 kbps. Kwa okhala ku Malawi palinso nkhani ya ndalama zakunja: kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mabanki amaika malire pa ndalama zomwe khadi lingalipire kunja, motero malipiro a pamwezi akhoza kukwera kapena kukanika kudutsa.

Kupezeka kwake: Apple Music inafika ku Malawi, Zambia ndi Mozambique mu April 2020, ndipo Spotify inafika m'maikowa mu February 2021. Zimbale za Bocelli zilimo, za pop ndi za opera zomwe, koma phindu lenileni la njirayi ndi lakuti mulinso matena ena, motero mukhoza kuyerekeza nokha popanda kudalira zonena za munthu. Tengani Nessun dorma, nyimbo ya mu opera ya Turandot ya Giacomo Puccini, yomwe anthu ambiri anaidziwa pomwe BBC inagwiritsa ntchito kaimbidwe ka Luciano Pavarotti pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 1990. Nyimboyi imayamba pansi, woimba akulankhula ngati wodzilankhulira usiku, kenako kwaya ya amayi imalowa chapatali, ndipo kumapeto tena amakwera kufika pa noti ya B yapamwamba okestra yonse ikulira. Imvetseni kwa Corelli, kwa Pavarotti, kenako kwa Bocelli, motsatizana. Kwa Corelli mumva mawu olemera omwe amakula akamakwera. Kwa Pavarotti mumva kuwala komwe kumadutsa okestra mosavutikira. Kwa Bocelli mumva gawo loyamba lofewa ndi laubwenzi, koma pamwamba mawu amaonda, ndipo amasunga notiyo ndi mpweya wautali osati ndi kukula kwa liwu. Mphindi khumi zimenezi zimaphunzitsa zambiri kuposa mikangano yonse ya otsatira ndi otsutsa.

Kusamalira: Tsitsani zimbale pamene mwapeza Wi-Fi kuti muzimvetsera popanda deta, koma dziwani kuti Spotify imafuna foni ilumikizidwe pa intaneti kamodzi pa masiku 30 kuti zotsitsidwazo zisatsekedwe. Zimitsani batani losakaniza nyimbo mukamamvetsera opera, chifukwa opera ndi sewero lomwe zigawo zake zili ndi ndondomeko. Mahedifoni abwino ndi ofunika kuposa kukweza mulingo wa deta. Sipika ya foni situlutsa mawu apansi, motero zida zazikulu za okestra zimasowa, n'kutsala liwu la tena lili lokha ndiponso lobaya m'khutu.

Zoopsa: Mukasiya kulipira, zotsitsidwa zonse zimatsekedwa, ndipo chimbale chikhoza kuchotsedwa m'dziko lanu mapangano a eni nyimbo akasintha. Choopsa china n'chakuti mapulogalamuwa amakubwezerani ku nyimbo zomwe zatchuka kale. Mukawasiya akusankhireni, mudzazungulira pa nyimbo zochepa zomwezo, monga The Prayer yomwe anaimba ndi Céline Dion ndi Perfect Symphony ya mu 2017 yomwe anaimba ndi Ed Sheeran, osafika pa ntchito yake ina.

Njira yachiwiri: makanema a pa YouTube ndi malo oonetsa opera

Mtengo: Kuonera n'kwaulere, koma kanema amadya deta kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi mawu okha. Kutsitsa chithunzi kufika pa 360p kapena 480p kumapulumutsa bandulo, ndipo pa foni kusiyana kwake sikuoneka kwambiri. Pa malo oonetsa opera pa intaneti, Met Opera on Demand ndi yolipira, pomwe OperaVision, yomwe imathandizidwa ndi European Union, imaonetsa maopera athunthu kwaulere.

Kupezeka kwake: Konsati ya pa Pasaka ya ku Milan ija, yotchedwa Music for Hope, ya pa 12 April 2020 ndi poyambira pabwino, chifukwa ndi yaifupi, ya mphindi zosakwana 30, ndipo ilibe zokometsera zambiri. Bocelli waima kutsogolo kwa guwa m'tchalitchi chopanda anthu, womuthandiza ndi Emanuele Vianelli yekha pa ogani, ndipo akuimba nyimbo zinayi zauzimu, kuphatikizapo Panis angelicus ndi Ave Maria. Kenako akuyenda yekha kutuluka pakhomo lalikulu kukaimba Amazing Grace moyang'ana bwalo lopanda munthu. Mukaonetsetsa muona mmene amaimirira mosagwedera, mmene amakokera mpweya mapewa osakwera, ndiponso pomwe maikolofoni yaikidwa. Zigawo za konsati ya ku Central Park ya mu September 2011, momwe anaimba ndi okestra ya New York Philharmonic pamodzi ndi alendo monga Tony Bennett ndi Pretty Yende wa ku South Africa, zimaonetsa Bocelli wa mabwalo akuluakulu. OperaVision ndi yothandiza pa chinthu china: imakuonetsani opera yonse yokhala ndi mawu omasulira pansi pa chithunzi, kuti mudziwe kuti nyimbo yomwe mumaimva payokha imaimbidwa ndi yani m'sewero, ndipo chifukwa chiyani.

Kusamalira: Palibe chambiri kupatula batire ndi bandulo. Maopera a pa OperaVision amakhalapo kwa miyezi yowerengeka, choncho si oti muziwasungira chaka chamawa.

Zoopsa: Makanema ambiri amaikidwa ndi anthu wamba, mawu ake ataphwanyika kapena atalembedwa dzina lolakwika, ndipo tsopano kulinso nyimbo zopangidwa ndi kompyuta zotsanzira mawu a oimba otchuka. Yambirani pa tsamba lovomerezeka la woimbayo kapena la kampani yomwe imajambula nyimbo zake. Pewani masamba olonjeza kutsitsa makanema kwaulere, chifukwa ambiri amalowetsa mavairasi m'foni. Pali choopsa china chosaonekera msanga, chomwe n'chakuti maso amalamulira khutu. Munthu akaona tchalitchi chokongola, woimba wosaona ataima yekha, ndi misozi ya omvera, amakhudzidwa asanamve n'komwe kaimbidwe. Kukhudzidwako n'koona, koma amene akufuna kuweruza mawu amvetserenso kachiwiri foni ataitembenuza.

Njira yachitatu: kugula chimbale chanuchanu

Mtengo: Mumalipira kamodzi. CD yatsopano yochokera kunja imakwera mtengo chifukwa cha kutumiza ndi msonkho, koma zimbale za Bocelli zinagulidwa zambirimbiri m'zaka za m'ma 1990, motero ku Britain ndi ku South Africa zimapezeka motchipa m'masitolo ogulitsa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Wachibale wobwera kumudzi akhoza kunyamula zingapo m'chikwama. Opera yathunthu imakhala pa ma CD awiri kapena atatu, ndipo mtengo wake umakhala wokwererapo. Muwerengerenso choimbira, chifukwa makompyuta ndi magalimoto ambiri atsopano sakhalanso ndi polowetsa CD.

Kupezeka kwake: M'mizinda yathu masitolo ogulitsa ma CD enieni anachepa kwambiri, ndipo opera simungaipeze pa shelefu. Amene ali ndi mwayi woitanitsa asankhe mosamala, ndipo ine ndingasankhe zitatu. Choyamba ndi Romanza, chifukwa ndi momwe muli Bocelli wa pop ali pachimake. Chachiwiri ndi Sacred Arias cha mu 1999, chomwe anajambula ndi okestra ndi kwaya ya Santa Cecilia ya ku Rome motsogozedwa ndi Myung-whun Chung. Nyimbo zauzimu zoyenda pang'onopang'ono zimagwirizana ndi mawu ake kuposa maudindo olemera a opera, ndipo pano ndi pomwe mbali zake ziwiri zimakumana bwino. Chachitatu ndi La bohème, koma apa pali chosankha. Bocelli anaijambula ndi Barbara Frittoli motsogozedwa ndi Zubin Mehta, ndipo wokonda mawu ake adzasangalala nayo. Amene ali ndi ndalama ya imodzi yokha, n'kumafuna kudziwa opera imeneyi, agule yomwe Pavarotti ndi Mirella Freni anajambula mu 1972 motsogozedwa ndi Herbert von Karajan. Mabokosi a opera nthawi zambiri amabwera ndi kabuku ka mawu onse a sewerolo ndi kumasulira kwake, chomwe ndi chinthu chovuta kuchipeza pa mapulogalamu a pafoni.

Kusamalira: CD imagwiridwa m'mphepete, imapukutidwa ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja osati mozungulira, ndipo sisiyidwa m'galimoto yoima padzuwa la mu October chifukwa imapindika. Ikangofika, ikopereni pa kompyuta kuti muzimvetsera pa foni yanu, ndipo musunge kopeyo pamalo awiri, popeza fulashi ndi memore khadi zimawonongeka mosachenjeza. Mawu a pa CD osapanikizidwa amatenga pafupifupi 635 MB pa ola, choncho pa foni yodzaza ndi bwino kuwasandutsa MP3 ya mulingo wapamwamba.

Zoopsa: Chachikulu ndi kugula zobenedwa. Nyimbo zobenera pamsika zimakhala zopanikizidwa kwambiri, magawo ofewa amamveka phokoso, ndipo kawirikawiri zimasakanizidwa ndi za oimba ena pansi pa dzina limodzi. Kubena n'kugulitsa nyimbo za eni popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la kukopera la mu 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira. CD yogwiritsidwa kale ntchito iyang'anidwe pa kuwala musanalipire, ndipo bokosi la opera liwerengedwe ngati ma CD ndi kabuku zilimo zonse.

Njira yachinayi: kupita ku konsati

Mtengo: Iyi ndiyo yodula kuposa zonse, ndipo tikiti ndi gawo chabe la ndalamazo. Wochokera kuno kupita ku Italy amafunika ndege, malo ogona, inshuwalansi ya paulendo ndi viza ya Schengen yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, yomwe chiyambire June 2024 imalipiridwa 90 euro ndipo ndalamayo sibwezedwa viza ikakanidwa. Ulendo wa ku South Africa ndi wopepukirapo, popeza Amalawi amaloledwa kulowa popanda viza kwa masiku 30.

Kupezeka kwake: Chiyambire 2006, Bocelli amaimba m'mwezi wa July kwawo ku Lajatico, pa Teatro del Silenzio, bwalo la panja lomwe lili pakati pa zitunda ndipo limakhala chete chaka chonse kupatula masiku a konsatiyo. Amayendanso m'mabwalo akuluakulu monga O2 Arena ku London ndi Madison Square Garden ku New York, motero okhala ku Britain ndi ku America ali ndi mwayi wochuluka. Ku South Africa anaimba ku Johannesburg mu July 2010, kutatsala masiku awiri kuti ndime yomaliza ya mpikisano wa mpira wa dziko lonse iseweredwe, pamodzi ndi Bryan Adams ndi Pretty Yende, ndipo wabwererako m'zaka zotsatira, koma maulendo otere amatalikirana.

Kusamalira: Ntchito yonse ili pokonzekera. Lajatico ndi mudzi wa anthu osakwana 1,500 ndipo sitima sifikako, choncho malo ogona ndi galimoto yochokera ku Pisa kapena ku Pontedera ziyenera kupezedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike.

Zoopsa: Matikiti ogulidwa kwa ogulitsanso akhoza kukhala abodza kapena okwera kuwirikiza, mvula ikhoza kusokoneza konsati ya panja, ndipo woimba akadwala tsiku limasinthidwa inu mutalipira kale ndege. Chofunika kuchidziwa kwambiri n'chakuti makonsati amenewa ndi a zimkuzamawu. Kawirikawiri gawo loyamba limakhala la nyimbo za opera ndipo lachiwiri la nyimbo zotchuka, oimba alendo amatenga gawo lalikulu la usikuwo, ndipo wokhala kumbuyo amaonera pa zinsalu zazikulu n'kumamva mawu kudzera m'masipika. Bocelli wapitirira zaka 65, ndipo liwu la munthu limasintha ndi zaka, motero musayembekezere la pa Romanza. Chomwe mumagula ndi mwambo, kukhala pakati pa anthu zikwizikwi omwe akudikira nyimbo imodzi, ndipo kwa womukonda zimenezo n'zamtengo wapatali. Koma amene cholinga chake n'kumva mmene tena amadzazira nyumba ndi mawu ake okha sachipeza kumeneko. Ameneyo apite ku sewero la Cape Town Opera, kapena akagule tikiti ya mipando yapamwamba yotsika mtengo ku Royal Opera House ku London. South Africa yatulutsa oimba opera odziwika pa dziko lonse: Pretty Yende anapambana mpikisano wa oimba opera wa Operalia mu 2011, ndipo tena Levy Sekgapane anaupambana mu 2017.

Njira yachisanu: kuphunzira kuimba imodzi mwa nyimbozi

Mtengo: Kwa amene ali kale m'kwaya ya kutchalitchi kapena ya kusukulu, ndalama yake ndi ya kusindikiza mapepala basi. Manoti a nyimbo zakale monga Panis angelicus, yomwe César Franck analemba mu 1872, amapezeka kwaulere pa tsamba la pa intaneti losunga manoti la IMSLP chifukwa nthawi ya umwini wake inatha. Manoti a nyimbo za pop za Bocelli ali ndi eni ake ndipo amagulidwa. Mphunzitsi wa kaimbidwe amalipidwa pa phunziro lililonse.

Kupezeka kwake: Makwaya athu ali ndi matena ambiri, koma aphunzitsi a kaimbidwe ka opera ndi ochepa. Manoti a pa intaneti amakhala olembedwa pa mizere isanu, pomwe makwaya ambiri amawerenga solofa, choncho pamafunika kwayamasitala wodziwa kusandutsa. Pa katchulidwe, wolankhula Chichewa ali ndi poyambira pabwino, chifukwa Chitaliyana chili ndi mavawelo oyera, mawu ake ambiri amathera pa vawelo, ndipo amatsindika kawirikawiri silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto monga ifenso timachitira. Povuta ndi posiyanitsa l ndi r, zomwe ife timazisinthanitsa, ndiponso pogwira makonsonanti ophatikizana awiri.

Kusamalira: Liwu limafuna kulikonzekeretsa musanaimbe, kumwa madzi okwanira, kugona bwino, ndi kuyeserera pang'ono tsiku ndi tsiku m'malo mwa maola ambiri tsiku limodzi.

Zoopsa: Kutsanzira chimbale n'koopsa pakhosi. Tena wa m'kwaya kawirikawiri amafika pa G kapena A, pomwe Nessun dorma imafuna B, ndipo kuikakamiza ndi khosi kumasasitsa mawu mpaka kutupitsa mitsempha yotulutsa liwu. Mawu akasasa kopitirira masabata awiri kapena atatu, pitani kuchipatala. Yambani ndi nyimbo yosakwera kwambiri, ndipo musachite manyazi kuitsitsa kiyi. Ngakhale pali zoopsazi, njira imeneyi ndiyo imaphunzitsa kulemekeza ntchitoyi mwakuya. Amene wayesapo kuimba mzere woyamba wa Panis angelicus mofewa, ndi mpweya umodzi, mawu osanjenjemera, amamvetsa kuti kufatsa kwa Bocelli si chinthu chongobwera chokha.

Njira iti kwa yani

Amene mwangomumva kumene ndipo bandulo yanu ndi yochepa, yambani ndi Music for Hope pa chithunzi chotsika, kenako gawo laulere la Spotify pa mulingo wa 96 kbps ndi mahedifoni. Musalipire kalikonse kufikira mutadziwa kuti mumakonda mbali iti. Amene muli ndi khadi lolipira kunja mosavuta ndi Wi-Fi ya kuntchito kapena kunyumba, ndipo mukufuna kudziwa pomwe Bocelli waima pakati pa matena, lipirani pulogalamu imodzi mwezi ndi mwezi n'kuyerekeza nyimbo imodzimodzi kwa oimba atatu, kenako muonere opera yathunthu pa OperaVision. Amene mukukhala komwe netiweki imavuta, kapena mukugulira makolo omwe safuna kulimbana ndi mapulogalamu, ma CD awiri, Romanza ndi Sacred Arias, okoperedwa pa memore khadi adzakutumikirani zaka zambiri popanda malipiro ena. Amene mukufuna nyimbo ya pa ukwati kapena pa mwambo wa kutchalitchi ndipo muli ndi kwaya yolimba, sankhani nyimbo yauzimu yomwe tena wanu angaifikire, m'malo motsanzira ya pa chimbale. Okhala ku Britain, ku America kapena ku South Africa omwe mwamukonda kwa zaka zambiri, konsati ikafika mumzinda wanu gulani tikiti kwa ogulitsa ovomerezeka, mukudziwa kuti mukukamva mawu a m'masipika. Ulendo wa ku Lajatico ndi woyenera amene akanapitabe ku Italy pa zifukwa zina ndipo akhoza kupirira kutaya ndalama konsati ikasinthidwa. Amene chakukopani ndi mphamvu ya mawu a tena osati dzina la woimba, sungani ndalama ya tikitiyo kuti mukakhale m'nyumba ya opera ku Cape Town kapena ku London.